Mutu wosamva Panado pa tsiku la 6 mayi atabereka: lipoti la nkhani ya pa foni

Lipoti ili ndi la mayi wa zaka 19, wa uchembere woyamba, amene anadwala eclampsia (kugwa ngati wa khunyu chifukwa cha kuthamanga kwa magazi pa uchembere) atabwerera kale kumudzi, patatha masiku 6 chiberekereni bwinobwino kuchipatala. Ndalembera anzanga anamwino ndi azamba amene timalangiza anthu pa foni, komanso inu amene mumalandira odwala otumizidwa ndi ife. Mayina a anthu, mudzi, zipatala ndi boma ndawasiya dala. Zinachitikira m'chigawo chapakati mwezi wa February, mvula ili pachimake.

Kwa amene ntchitoyi simukuidziwa bwino, uphungu wa zaumoyo wa pa foni kuno kwathu unadziwika ndi Chipatala Cha Pa Foni, chimene bungwe la VillageReach linayambitsa ku Balaka mu 2011. Poyamba chinkaona za amayi oyembekezera, makanda ndi ana aang'ono okha. Kenako chinafika m'maboma onse 28, nkuyamba kuyankha nkhani zina zaumoyo, ndipo tsopano chili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Munthu amaimba osadulidwa mayunitsi. Pa foni sitiyeza munthu ndipo sitilemba mankhwala. Timamvetsera, kufunsa, kulangiza, nkunena momveka ngati wodwala angadikire mawa kapena anyamuke pompo. Tilibe makina a BP, tilibe choyezera kutentha kwa thupi, ngakhale nkhope ya wodwala sitiiona. Zonse zimene ndifotokoze m'munsimu ndinazipeza ndi makutu anga komanso ndi manja a anthu ena.

Funso limene linabwera

Foni inalowa Lachitatu cha m'ma 3 koloko masana. Woimba anali bambo wachinyamata, waulemu koma wolankhula mothamanga.

"Anesi, pepani, ndimangofuna ndifunse. Munthu woyamwitsa angamwe Brufen? Panado wakanika."

Funso limeneli lili ndi yankho lalifupi, loona ndithu: Brufen, kapena kuti ibuprofen, savulaza mwana woyamwa. Ndikanayankha choncho, foni ikanatha pasanathe mphindi, bamboyo akanathokoza nkulunjika pagolosale. Anthu ambiri saimba kuti afotokoze matenda. Amaimba ndi funso limene aliganizira kale, lokhudza chimene atsimikiza kuchita, ndipo wodwala weniweni amakhala kuseri kwa funsolo, osatchulidwa.

Ndisanayankhe ndinalemba nambala yake, dzina la mudzi ndi chipatala chimene ali nacho pafupi. Nyengo ya mvula foni imaduka nthawi ina iliyonse, ndipo mabatire a kumudzi amadalira sola yomwe masiku a mitambo siigwira.

"Akudwala ndani, bambo?"

"Akunyumba."

"Mwana ali ndi miyezi ingati?"

"Ayi, ndi wakhanda. Anachira Lachinayi lapitali."

"Mutuwo unayamba liti?"

"Dzana. Usiku wathawu sanagone nkomwe."

Mayi wa masiku 6, mutu wa masiku awiri wosamva Panado. Nkhani ya Brufen ndinayamba ndaiika pambali, nkupempha kulankhula ndi mayiyo. Bambo anazengereza. Anati iye ali pa chulu kuseri kwa mudzi pamene pamagwira netiweki, ndipo mkazi wake ali m'chikuta m'nyumba mwa mayi ake, momwe iye salowa. Anali mkamwini wa chaka chimodzi chokha pamudzipo. Zonse zimene ankandiuza anachita kumva kwa mlamu wake, mtsikana wa Fomu 2, mng'ono wa wodwalayo. Ndiye kuti nkhani inkandipeza itadutsa kale pakamwa pawiri, ndipo sindikanalangiza pa nkhani yotere. Ndinamupempha kuti apatse mlamuyo foni, apite nayo kwa wodwala, afunefune pamene igwire, ine ndiimbanso. Inagwira pakhomo penipeni, mayiyo atakhala pamphasa chotsamira chitseko.

Zimene ndinamva kwa mwini wake

Mawu ake anali otsika ndi ochedwa, koma ankayankha zogwirizana ndi funso. Tsiku ankalidziwa, kumene ali ankakudziwa. Mutu unkagunda pamphumi ndi kunkhongo, osasiya ngakhale agone. Nditafunsa za maso anati, "Kukungooneka chifunga, nthawi zina tinyenyezi." Kuwala kwa panja kunkamuwawa. Pansi pa nthiti chakumanja pankapweteka, iye nkumati ndi chilungulira. Anali atasanza kamodzi m'mawa. Mkodzo anati wataya wochepa chabe chidzukireni.

Ndinafunsanso zimene zikanandilozera kwina. Sankazizidwa, ndipo mng'ono wake atamugwira pamphumi anati thupi silikutentha. Magazi a uchembere anali atachepa, osanunkha. Mabere sankapweteka. Anatha kugunditsa chibwano pachifuwa. Sankabanika, ankagona chagada popanda zotsamira. Manja onse awiri ankafinya mofanana, pakamwa sipanapotoke. Anabereka popanda opaleshoni, choncho panalibe za jakisoni wa pamsana amene amatha kusiya mutu ukupweteka.

Kenako ndinafunsa ngati nkhope kapena miyendo yatupa. Panakhala zii. Ndinamva mawu a munthu wamkulu chapatali, ndipo mayiyo anati, "Iyayi."

Yankho limeneli silinafanane ndi ena onse. Linachedwa, komanso linabwera wina atalankhula. Sindinatsutse. Ndinaitanitsa mng'ono uja nkumupatsa ntchito ya manja: adine ndi chala chachikulu pa msongolo wa mkulu wake, awerenge mpaka 10, achotse chala, andiuze chimene akuona. "Patsala kadzenje." Nanga mapatapata amene anavala popita kuchipatala akulowa? "Sakulowa bwino." Zikope? "Zatupa, makamaka m'mawa." Munthu ukamufunsa kuti aweruze yekha ngati watupa, akhoza kukana pa zifukwa zambirimbiri. Ukamufunsa chimene maso ake akuona pa nthawi yomweyo, kawirikawiri amanena momwe zilili.

Chinatsala ndi buku la kuchipatala, ndipo apa ndikupempha anzanga tisamale kwambiri. M'buku la mayi muli zotsatira za magazi, kuphatikizapo za HIV, ndipo si onse pakhomo amene amazidziwa. Mayiyu maso ake sankatha kuwerenga, ndiye ndinayamba ndamufunsa yekha, sipika ya foni itazimitsidwa, ngati akulola kuti mng'ono wake atsegule bukulo. Atavomera ndinauza mtsikanayo kuti apite pa tsamba la sikelo, pa mzere wolembedwa BP, awerenge manambala okhawo. Maulendo a sikelo anali atatu: 110/70 mimba ili ndi miyezi 5, 120/80 pa miyezi 7, ndi 138/88 pa ulendo womaliza. Palibe nambala imene inafika 140/90, motero palibe amene anadabwa nazo, koma ulendo uliwonse zinkakwera. Pa tsamba la pambuyo pobereka panali tsiku lotuluka, Lachisanu, ndi tsiku lobwereranso patatha sabata. Pa mzere wa BP panalibe cholembedwa.

Chifukwa chake ndinati anyamuke pompo

Ambirife pre-eclampsia, kuthamanga kwa magazi kumene kumatsogolera kugwako, timaiyembekezera mayi akadali ndi pakati, ndipo tinaphunzira kuti mankhwala ake enieni ndi kubereka. Mawu amenewo amatigonetsa tulo. BP ya mayi imakonda kufika pamwamba pakati pa tsiku la 3 ndi la 6 atabereka, pamene madzi amene anali m'minofu akubwerera m'mitsempha, ndipo nthawi imeneyo amayi athu amakhala atatuluka kale m'chipatala. Matendawa akhoza kuyamba kumene mpaka masabata 6 atabereka, ngakhale mwa mayi amene BP yake inali bwino mimba yonse. Mayi wathuyu anali wa uchembere woyamba, zimene zimawonjezera chiopsezo.

Mutu wosamva mankhwala, maso a chifunga, kupweteka pansi pa nthiti zakumanja, kusanza, kutupa nkhope ndi mkodzo wochepa zikakumana mwa munthu mmodzi, ndiye kuti watsala pang'ono kugwa. Malungo sindinawachotse m'maganizo pakuti munali mu February, ndipo malungo a muubongo, meningitis (matenda oumitsa khosi) kapena magazi oundana m'mitsempha ya muubongo zimatha kuyamba chimodzimodzi. Koma pa foni sindinkafunika kusankha dzina la matenda. Onsewa njira yake inali imodzi, ya kuchipatala, dzuwa lisanalowe.

Brufen ndinati asagule. Mankhwala a gulu limeneli amatha kukweza BP ndi kulemetsa impso za munthu amene mkodzo ukuchepa kale, ndipo ngati chiwindi ndi maplatelet (tizigawo tothandiza magazi kuundana) zakhudzidwa, amawonjezera ngozi yotaya magazi. Chimene ndinkaopa kwambiri chinali chakuti mutu ukangopepukako, banja lipeza chifukwa chogonera.

Pamene nkhani inatembenukira

Foni itabwerera kwa bambo ndinamuuza mosabisa kuti mkazi wake ali pangozi ndipo anyamuke ola lomwelo. Anamvetsera mpaka nditamaliza.

"Anesi, ine ndamva. Koma pano ine sindingalamule."

Ndi pamene anamasula zonse. Apongozi ake anaona kutupako Lolemba, nkunena kuti ndi tsempho. Kudera kumeneko, monga m'madera ambiri a Achewa, mayi kapena khanda akatupa nthawi ya chikuta, anthu amayang'ana mwamuna kuti wayenda kunja kwa banja. Uthenga unali utapita kale kwa amalume, mwini mbumba, amene anati afika Lachisanu kudzamva nkhaniyo. Mankhwala a zitsamba anali atayamba kale kumwa. Komanso mchombo wa khanda unali usanagwe, ndiye kutuluka nalo pamudzi kunali koletsedwa, moti ngakhale ulendo wobwerera kuchipatala wa Lachinayi anali atagwirizana kuti ausiye kaye.

Apa ndinamvetsa chifukwa chake bamboyo sanatchule za kutupa, ndiponso chifukwa chake mayiyo anakana. Kwa iye kuvomera kuti watupa, mayi ake ali pomwepo, kunali kuneneza mwamuna wake. Mwamunayo akanakakamira za kuchipatala, akanaoneka ngati akuthawa mlandu. Onse pakhomopo ankamukonda wodwalayu ndipo aliyense anali ndi chomumanga. Ofufuza Thaddeus ndi Maine mu 1994 anafotokoza kuchedwa kwa mitundu itatu kumene kumapha amayi: kuchedwa kutsimikiza zopita kuchipatala, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kulandira thandizo utafika. Koyambako ndi kumene ife a pa foni tili nako mphamvu kwambiri, koma pokhapokha titalankhula ndi munthu amene mawu ake amamveka pakhomopo. Pano munthuyo anali agogo a khandalo, mayi ake a wodwalayo.

"Agogo, muli bwanji? Ndamva mwalandira mlendo pakhomopo."

"Tili bwino, kaya anesi. Koma izi ife timazidziwa, mwana wanga. Si za jakisoni izi."

Sindinayambe ndi kuphunzitsa. Ndinawafunsa zimene aona chiyambireni Lolemba, ndipo anafotokoza bwino kuposa wina aliyense: kutupa kunayambira m'manja mpaka mphete ya mkuwa inakanirira pachala, Lachiwiri kunafika kumaso, usiku mwanayo ankati akatseka maso nkudzidzimuka, ndipo chidebe chimene amamuikira usiku m'mawa chinali pafupifupi chouma. Ndinawauza kuti aonetsetsa bwino kwambiri, ndipo sindinkangowasangalatsa. Mbiri yodalirika ya matendawa ndinaipeza kwa iwo.

Kenako ndinati, "Agogo, nkhani ya pabanja ndi yanu ndi amalume, ine sindingailowerere, Lachisanu mudzaikamba. Koma zimene mwaonazi ife timazionanso mwa amayi amene magazi akuthamanga kwambiri atachira. Zikafika pamene zafikapa, chotsatira ndi kugwa ngati wa khunyu, ndipo ena sadzukanso. Zikhoza kuchitika usiku uno. Kuchipatala kuli makina oti m'mphindi ziwiri atiuza ngati ndi zimenezo. Akapeza kuti zili bwino mubwerera, mwangotaya ya kabaza. Mlandu suola agogo, koma mwana wanuyu sangadikire Lachisanu."

Anakhala chete nthawi yaitali. Pa foni chete wotere amavuta kupirira, umafuna kuwonjezera mawu, koma munthu akamaganiza ndi bwino kumusiya.

"Nanga khandali? Mchombo sunagwe."

"Mulifunditse bwino, mulinyamule ndinu, asaligwire wina aliyense. Liyenera kupita ndi mayi ake kuti liziyamwa. Linabadwira komweko."

"Chabwino. Koma ndipita nawo ine."

"Ndi zimene ndimafuna, agogo."

Anzanga ena amaona kuti kulankhula motere ndi kugonjera chikhulupiriro chimene ife sitigwirizana nacho. Ine sindiona choncho. Sindinawauze agogo kuti tsempho ndi limene latupitsa mwana wawo, ndipo akanandifunsa mwachindunji ndikanawauza kuti si limenelo. Koma masana amenewo ndinali ndi maola awiri a dzuwa ndi chinthu chimodzi chofunika kuchitika. Kutsutsana ndi mayi wachikulire pamaso pa ana ake ndi mkamwini wake, pa nkhani imene makolo ake anamusiyira, kukanamuumitsa mtima, ndipo foni ndi yosavuta kudula. Ndinangopempha kuti dongosolo lisinthe, chipatala chitsogole. Pa mankhwala a zitsamba ndinapempha kuti ayambe asiya, ndipo akafika akauze namwino zimene mayiyo wamwa popanda kuopa kukalipiridwa.

Ulendo ndi kulandiridwa

Chipatala chaching'ono chinali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 12. Mtsinje wa panjira yachidule unali utadzaza, ndipo ngolo ikanafika usiku. Chotsala chinali kabaza wa njinga yamoto, wozungulira kumlatho. Kukweza munthu woti akhoza kugwa nthawi iliyonse pa njinga yamoto ndi ngozi ndithu, koma kugona pamudzi kunali ngozi yoposa. Tinagwirizana kuti mayi akhale pakati, mwamuna wake kumbuyo atamugwira, awiriwo amangidwe ndi chitenje m'chiuno, woyendetsa asathamange. Agogo ndi khanda akwere njinga yachiwiri. HSA (mlangizi wa zaumoyo) wa mudzi woyandikana, amene bamboyo anamuimbira, ndi amene anapeza njinga ziwirizo, ndipo ndalama anakongola ku banki mkhonde ya agogo.

Ndinafotokozanso chochita akagwa panjira: aime, amugoneke cham'mbali kumanzere, asamuike supuni kapena chala mkamwa, asamumwetse madzi, asamufukizire utsi, ndipo kugwako kukatha apitirire kuchipatala, asabwerere kumudzi. Ndinamupempha bamboyo kuti abwereze zonsezi m'mawu ake. Mfundo yoti asabwerere anaiiwala, ndiye tinabwerezanso. Munthu wamantha amati "ndamva" pa chilichonse.

Atanyamuka ndinaimbira chipatalacho. Namwino anali yekha pa ntchito, ali ndi mayi wina woti matenda ayamba. Ndinamuuza mwachidule msinkhu wa wodwala, tsiku lobereka, zizindikiro, manambala a m'buku ndi nthawi imene ndinkayembekezera kuti afika. Anandiuza kuti makina a BP a ku matenite anali opanda mabatire kuyambira sabata yapitayo, zimene zinafotokoza mzere wopanda kanthu uja. Anakabwereka opopa ndi manja kuchipinda cha odwala oyendera, nkukonzeratu magnesium sulphate (mankhwala oletsa kugwa), kanula ndi katheta, ndi kuitanitsa ambulansi wodwala asanafike.

Anafika 5 koloko itadutsa. BP inali 174/116, mkodzo unali ndi protein 3+ (chizindikiro cha pre-eclampsia), kutentha kwa thupi 36.8, malungo sanapezeke. Namwino akuika kanula, mayiyo anagwa, thupi lonse likugwedezeka kwa pafupifupi mphindi imodzi. Popeza mankhwala anali kale pa thireyi, analandira nthawi yomweyo 4 g ya magnesium sulphate pamtsempha pang'onopang'ono, ndi 5 g m'thako lililonse. Atatsitsimuka nkutha kumeza anapatsidwa nifedipine 10 mg wotsitsa BP. Ambulansi inali itapita ndi wodwala wina ndipo inafika cha m'ma 9 koloko usiku. Maola onsewo namwino yekhayo ankawerenga kapumidwe ndi kuyeza BP, uku akubereketsa mayi winayo.

Ku chipatala cha boma anapitiriza 5 g maola 4 alionse kwa maola 24, akuonetsetsa kuti kupuma sikukutsika pansi pa 16 pa mphindi, bondo likuyankha akaligogoda, ndipo mkodzo ukufika 30 ml pa ola, calcium gluconate, wothetsa mphamvu ya magnesium ikachuluka m'thupi, ali pafupi. Sanagwenso. Zoyeza magazi zinasonyeza kuti chiwindi chinakhudzidwa pang'ono, koma impso zinabwerera m'chimake. Anatuluka patatha masiku 5 akumwa nifedipine. Khanda linkayamwa nthawi yonseyi, ndipo mchombo unagwera m'wodi momwemo.

Kafukufuku wa Magpie wa 2002, wa amayi oposa 10,000 m'mayiko 33, anasonyeza kuti magnesium sulphate amachepetsa chiopsezo chogwa ndi kuposa theka mwa amayi a pre-eclampsia. Mayi wathuyu akanafika ola limodzi m'mbuyo, mwina sakanagwa nkomwe. Akanagona pamudzi, akanagwera m'nyumba yamdima, mtsinje utadzaza.

Foni yachiwiri ya bambo

Mawa lake tinaimba kuti timve za ulendo, monga timachitira ndi aliyense amene tamutumiza mwachangu. Bambo anali panja pa wodi. Atafotokoza za mkazi wake anatsitsa mawu.

"Anesi, mundiuze zoona. Matendawa ndabweretsa ndine?"

Sindinamufunse ngati anayendadi kunja. Funso limenelo silikanasintha yankho, ndipo likanamuonetsa kuti nanenso ndikumuweruza. Ndinamuuza kuti matendawa amayambira pa momwe nsengwa inamerera m'chiberekero m'miyezi yoyambirira ya mimba, amakhudza mitsempha ya magazi ya mayi thupi lonse, ndipo amagwira amayi a m'mayiko onse, okwatiwa ndi osakwatiwa omwe. Palibe chimene iye anachita sabata imeneyo chimene chikanawabweretsa kapena kuwaletsa. Ndinamuuzanso kuti foni yake ndi imene inayambitsa ulendo wopulumutsa mkazi wake. Analira, ndipo ndinamudikira mpaka atamaliza.

Mawu anga pa foni sakanakwanira kumuchotsera mlandu pamudzi. Ndinapempha sisita wa m'wodi kuti pofotokozera banja za matendawa aitane agogo ndi bamboyo pamodzi, awaonetse manambala a BP a tsiku lofika ndi a masiku otsatira, kuti aone ndi maso awo kutupa kukuphwa pamene manambala akutsika. Anachitadi zimenezo. Uphungu wa munthu amene sanadwale koma wasenza nkhani yonse ndi gawo la ntchito yathu limene sililembedwa kawirikawiri m'malipoti.

Kwa anzanga a mbali zonse ziwiri za foni

Kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015-16 anapeza kuti amayi 91 mwa 100 alionse ankaberekera kuchipatala, koma 42 okha ndi amene anayezedwa m'masiku awiri oyambirira atabereka. Imfa za uchembere zinali 439 pa ana 100,000 obadwa amoyo. Tinalimbikira kuti amayi afike kuchipatala pobereka, ndipo anafikadi. Sabata yotsatira ndi imene idakali yopanda maso. Bungwe la WHO limalangiza kuti mayi ndi khanda aonedwe m'maola 24 oyambirira, pa tsiku la 3, pakati pa tsiku la 7 ndi la 14, ndi pa masabata 6. Ulendo wa tsiku la 3 ndi umene ukanagwira BP ya mayiyu, ndipo kwa mayi wa m'chikuta wokhala makilomita 12 nthawi ya mvula, ulendo umenewo ungatheke pokhapokha HSA atamufikira pakhomo ndi makina.

Titakambirana nkhaniyi pa msonkhano wathu wosinthana ntchito, tinagwirizana kuti funso lililonse la mankhwala opha ululu kwa mayi woyamwitsa liziyamba ndi msinkhu wa mwana. Ngati sanakwane masabata 6 ndipo vuto ndi mutu, tilankhule ndi mayi mwini wake, foni ichite kupita kumene ali. Tinawonjezanso funso limene poyamba silinali pa mndandanda wathu: "Pakhomopo amene anganene kuti tiyeni kuchipatala ndani?" Limafunsidwa msanga, tisanataye mphindi zambiri tikulimbikitsa munthu amene wavomera kale koma alibe mphamvu.

Kwa inu a ku matenite ndili ndi pempho. Zizindikiro zoopsa za pambuyo pobereka muziwauza agadiyani, makamaka agogo, mayi ali pomwepo, ndipo mutu, maso a chifunga ndi kutupa nkhope muzizitchula mayina, pakuti ambiri amangokumbukira za kutaya magazi. Mayi amene BP yake inkakwera ku sikelo, ngakhale isanafike 140/90, asatuluke osayezedwa. Makina akafa lembani m'buku kuti BP sinayezedwe ndi chifukwa chake, kuti amene adzawerenge bukulo, kaya HSA kaya ife pa foni, adziwe kuti pali mpata.

Pa masabata 6 mayiyu anapita kukayezedwa, mwamuna wake atamuperekeza. BP inali 124/78 ndipo adokotala anamusiyitsa nifedipine. Pa kulera anamulangiza kuti apewe mapiritsi okhala ndi estrogen, ndipo anasankha ya pamkono. Pa tsamba loyamba la buku lake analembapo ndi bolopeni yofiira kuti anadwalapo eclampsia. Anamuuza kuti mimba yotsatira adzayambe sikelo isanakwane miyezi 3, adzafunse za aspirin wochepa mphamvu wa 75 mg ndi calcium zimene zimaperekedwa kwa amayi a chiopsezo chotere, adzaberekere ku chipatala cha boma, ndipo BP yake aziyezetsa chaka ndi chaka ngakhale asali woyembekezera.